Mpingo unkaletsa katapira, nanga mabanki a ku Ulaya anakula bwanji?

Funso: Ndine mkulu wa mpingo, ndipo kwathu kwabuka mkangano pa chiwongoladzanja chimene amayi amalipiritsana ku banki m'khonde. Mnzathu wina akuti kale ku Ulaya mpingo unkaletseratu chiwongoladzanja, moti wochita katapira ankamukaniza ndi mwambo wa maliro womwe. Koma ndinamvanso kuti mabanki anayambira komweko nthawi yomweyo, mpaka Papa ankasungitsa ndalama kwa iwo. Zoona ndi ziti? Kapena chinali chiphamaso chabe?

Yankho: Bambo, mnzanuyo sananame, ndipo zimene munamva inuzo n'zoonanso. Lamulo linalipo, lokhwima ndithu, ndipo mabanki anakula m'zaka zomwezo, ena mwa eni ake akusunga chuma cha Papa. Pa mawu oti chiphamaso ndikutsutsaniko pang'ono. Chinalipo, sindikana, koma chikanakhala chokhacho sitikanaona anthu olemera akubweza chuma ali kayakaya. Lamulolo silinathetse ngongole. Linapweteka ena, linasiya ena, ndipo linakakamiza amalonda akuluakulu kupeza njira zoyendetsera ndalama zimene zina tikuzigwiritsabe ntchito.

Aphunzitsi a mpingo ankaimika chiletsocho pa Eksodo 22:25, pamene akuletsa kulipiritsa chiwongoladzanja m'mphawi, pa Deuteronomo 23:19-20, pa Salimo 15, ndi pa Luka 6:35 pamene Yesu akunena zokongoza osayembekezera kanthu. Kwa iwo katapira sanali chiwongoladzanja chokwera chokha ayi. Chilichonse chimene wokongoza walandira pamwamba pa mpamba wake, kaya ndi kakhobidi kamodzi, chinali tchimo. Msonkhano wa ku Nicaea mu 325 unaletsa atsogoleri a mpingo okha, ndipo mfumu Charlemagne mu 789 anafikitsa chiletsocho kwa anthu wamba. M'zaka zimenezo lamuloli silinkavutitsa ambiri. Chuma chinali munda, ziweto ndi anthu okulimira, ndalama zinkayenda zochepa, ndipo wokongola nthawi zambiri anali mlimi amene tirigu wamukanika chaka chimenecho. Kudyera munthu wotero masuku pamutu, aliyense ankaona kuti n'kuipa mtima.

Zinthu zinasintha pakati pa 1000 ndi 1300. Chiwerengero cha anthu ku Ulaya chinawirikiza pafupifupi kawiri. Pulawo yolemera yotembenuza dothi lamakande la kumpoto, kugawa munda patatu kuti gawo limodzi lokha lizigona, ndi kukoketsa pulawo akavalo m'malo mwa ng'ombe, zinachulukitsa zokolola. Kalembera amene mfumu William ya ku England inachititsa mu 1086 anapeza mphero zoyendera madzi zoposa 5,000 m'dziko limenelo lokha. Chakudya chitachuluka mizinda inakula. Ubweya wa nkhosa za ku England unkapita kukawombedwa nsalu ku Ghent, Ypres ndi Bruges, ndipo amalonda a ku Italy ankabwera ndi tsabola, silika ndi utoto kudzakumana ndi eni nsaluwo pa misika ikuluikulu ya ku Champagne, dera la ku France, imene inkachitika kasanu ndi kamodzi pachaka m'matauni a Troyes, Provins, Lagny ndi Bar-sur-Aube. Mu 1252 Genoa ndi Florence anayamba kusula ndalama zagolide, golide wambiri atachokera kumadzulo kwa Africa, kuwoloka Sahara pa ngamila. Malonda otere sayenda popanda ngongole. Wogula ubweya chaka chino n'kudzagulitsa nsalu chaka chamawa amafuna womugwirira pakatipo.

Mungaganize kuti mpingo unafewetsa. Unachita kumangitsa. Msonkhano wachitatu wa ku Lateran mu 1179 unalamula kuti wochita katapira poyera asalandire Ukaristia, chopereka chake chikanidwe, ndipo akafa asanalape asaikidwe mwa Chikhristu. Wa ku Lyon mu 1274 unawonjezera kuti wilo wa munthu wotero alibe mphamvu ngati sanabweze zimene anadya, ndiponso kuti eni nyumba asachititse lendi alendo obwera kudzachita katapira. Wa ku Vienne, mu 1311 ndi 1312, unafika ponena kuti woumirira kuti katapira si tchimo aweruzidwe ngati wampatuko. Pa makomo a matchalitchi ankasema wakatapira ali ndi thumba la ndalama m'khosi, ziwanda zikumukoka. Mlaliki wotchuka Jacques de Vitry ankasimba za wansembe amene anakana kuika mtembo wa wakatapira, abale ataumirira n'kugwirizana zoti aukweze pa bulu, kumene buluyo akaime ndiye kumanda kwake. Bulu sanalowere kutchalitchi. Anakautula pamalo ponyongera akuba. Anthu ankaseka, koma ena mwa omverawo ankapita kwawo mtima uli m'mwamba.

Chifukwa chimene anzeru ankapereka ndi ichi. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa mpingo amene anamwalira mu 1274, anati nyumba mukhoza kuchititsa lendi popeza munthu amakhalamo n'kuibweza ikadali nyumba. Vinyo ndi wosiyana: simungamugwiritse ntchito osamumwa, ndiye wogulitsa vinyo n'kulipiritsanso padera kamwedwe kake wagulitsa chinthu chimodzi kawiri. Ndalama, iye anati, zili ngati vinyo. Ena ankati wakatapira amagulitsa nthawi, pamene nthawi ndi ya Mulungu, ndipo ndalama zake zimagwira ntchito usiku ndi Lamlungu lomwe. Mfundo ya vinyoyo ili ndi pofooka, chifukwa imaona ndalama ngati chinthu chongodya. Koma onani pamene ikuloza: pa ngongole yeniyeni, imene wokongoza ayenera kubwezeredwa kaya mnzakeyo zamuyendera kapena ayi. Pamene mwini ndalama akhoza kutaya, mlandu unali wina. Amalonda anadzera pomwepo.

Ku Genoa ndi ku Venice kunali mgwirizano wa anthu awiri. Wa mpamba ankatsala kumudzi, mnzake n'kukwera chombo ndi katundu kupita ku Alexandria kapena ku Constantinople. Akabwerako phindu linkagawidwa panayi, magawo atatu a wa mpamba, limodzi la wapaulendo. Chombo chikamira kapena achifwamba akalanda katundu, wa mpamba wataya basi, sangamulondole mnzake. Mpingo unalibe nazo mlandu zimenezi. Mabuku a alembi a ku Genoa a m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 akuonetsa kuti oika ndalama sanali mpondamatiki okha. Munali akazi amasiye, amisiri, ndi ansembe omwe.

Chimene chinalemeretsa mabanki enieni ndi kalata yosinthira ndalama. Ntchito yake yoonekera inali yabwino: m'malo monyamula matumba a siliva kudutsa mapiri a Alps, ndalama zimaperekedwa mumzinda uno, kalata n'kukalipiridwa mumzinda wina m'ndalama za kumeneko. Tsono tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Venice akufuna ndalama lero. Banki imupatsa ma ducat 500 (ducat inali ndalama ya ku Venice), iye n'kulemba kalata yoti mnzake wa ku London adzalipire nthambi ya bankiyo pakatha miyezi itatu, pa mtengo wa mapeni 47 pa ducat iliyonse. Amenewo ndi mapeni 23,500. Nthambi ya ku London ikalandira, iwabweza ku Venice pa kalata inanso ya miyezi itatu, koma ku London ducat ikugulidwa mapeni 44 okha. Gawani 23,500 ndi 44, mupeza ma ducat 534. M'miyezi 6 banki yapindula 34 pa 500, pafupifupi 14 peresenti pachaka, koma palibe pepala limene palembedwa kuti chiwongoladzanja. Kusiyana kwa mitengoko sikunali kwangozi. Ndalama inkakhala yokwera mtengo kwawo kuposa kunja, ndipo malipiro a kudikira ankabisala mmenemo. Komabe mitengo inkagwedezeka ndi nkhondo, mphekesera ndi kufika kwa zombo, moti nthawi zina banki inkaluza. Chifukwa cha zimenezo aphunzitsi ambiri anavomereza kuti uku n'kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja. Chimene anadana nacho ndi kalata yachinyengo, yolembedwa ngati ikupita ku London pamene onse awiri akudziwa kuti palibe wokalipira kumeneko, cholinga chili chongokongozana pomwepo.

Mukaiona bwino njirayi, inkafuna munthu wokhala ndi nthambi kapena anzake odalirika m'mayiko angapo. Lamulo loteteza m'mphawi linatsegulira khomo makampani akuluakulu okha. Papa nayenso ankawafuna, pakuti misonkho ya mpingo yochokera ku England, Poland kapena Scandinavia inafunika kufika ku Rome, kapena ku Avignon, mzinda wa ku France wa lero, pamene apapa ankakhala kumeneko. Banki ya Medici, imene Giovanni di Bicci anayambitsa mu 1397, inkapeza phindu loposa theka ku nthambi yake yotsatira Papa m'zaka zake zoyambirira. Panali njira zinanso: chindapusa cha kuchedwa kubweza, chimene ena ankapangana mwadala kuti achedwe, mphatso imene banki inkapatsa osungitsa ndalama, poyera akuti n'njongofuna mwini banki, koma aliyense akuiyembekezera, ndi ngongole zokakamiza za boma, monga ku Venice kumene kuyambira 1262 nzika zinkalandira 5 peresenti pachaka. Ngozi yeniyeni ya mabanki inali mafumu. Makampani a Peruzzi ndi Bardi anagwa mu 1343 ndi 1346, ngongole zosabwezedwa za mfumu Edward III ya ku England zili pakati pa zimene zinawagwetsa.

Ntchito yotereyi inafuna anthu odziwa kulemba ndi masamu, ndipo apa sukulu inayamba kutuluka m'manja mwa ansembe okha. Leonardo wa ku Pisa, amene timamutcha Fibonacci, anaphunzira manambala amene tikulemba leroli ku Bugia, ku Algeria wa lero, kumene bambo ake ankagwira ntchito, ndipo anawafotokoza m'buku lake la mu 1202. Sanalandiridwe msanga. Mu 1299 bungwe la osintha ndalama ku Florence linaletsa mamembala ake kuwagwiritsa ntchito m'mabuku awo. Koma pofika cha m'ma 1338, wolemba mbiri Giovanni Villani anati mumzindawo ana pakati pa 8,000 ndi 10,000 ankaphunzira kuwerenga, ndipo oposa 1,000 anali m'sukulu 6 za masamu a malonda.

Nanga lamulo linagwera yani? Linagwera wokongoza wamng'ono, wa kauntala pamsika, wolandira poto, chikhoti kapena mphete ngati pinyolo. Ambiri mwa iwo anali Akhristu ochokera kumpoto kwa Italy ndi ku Cahors, mzinda wa ku France, amene mafumu ankawagulitsa chilolezo n'kumawathamangitsa akafuna. Mtengo wodziwika unali mapeni 2 pa paundi pa sabata, ndipo popeza paundi inali ndi mapeni 240, pachaka ndi 43 peresenti. Linagweranso Ayuda koposa. Pano tichenjere, chifukwa bodza lake lidakalipo: Ayuda ambiri sanali okongoza, ndipo ngongole zambiri ku Ulaya ankapereka ndi Akhristu. Koma m'madera ambiri Ayuda ankakanizidwa kulowa m'mabungwe a amisiri ndi kukhala ndi minda, Deuteronomo ankalola kulipiritsa mlendo, ndipo mafumu anaona mwayi. Ankawalola kukongoza, ankawatenga ngati katundu wa mfumu, kenako n'kuwapsinja ndi misonkho. Wokongola ankada Myuda, phindu likuthera m'nkhokwe ya mfumu.

Aaron wa ku Lincoln anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku England, ndipo ndalama zake zinathandiza kumanga nyumba za amonke a Cistercian. Atamwalira mu 1186, mfumu Henry II analanda zonse, mpaka anatsegula ofesi yapadera yotolera ngongole zake. Mu March 1190, ku York, Ayuda pafupifupi 150 anafera m'linga la mfumu m'mene anathawira, ambiri atadzipha okha poopa chigulu chimene chinawazinga. Otsogolera chipolowecho anali anthu a ngongole, ndipo atatha kupha anathamangira ku tchalitchi chachikulu kukatentha mapepala a ngongole amene ankasungidwa kumeneko. Mfumu Edward I analetsa Ayuda kukongoza pa chiwongoladzanja mu 1275, n'kuwathamangitsa onse mu 1290. Nthawi imeneyo n'kuti iye akukongola kwa a Riccardi a ku Lucca, Akhristu. Ngati mukufuna pamene panali chiphamaso, ndi pamenepa. Mfumu Philip IV ya ku France nayonso inathamangitsa Ayuda mu 1306.

Kwa amalonda akuluakulu nkhani sinathere pa kuzemba lamulo. Mantha anali enieni. Kuyambira 1215 Mkhristu aliyense ankayenera kulapa kwa wansembe kamodzi pachaka, ndipo wakatapira sankakhululukidwa asanabweze. M'mabuku a kampani ya Bardi munali akaunti yolembedwa m'dzina la Mulungu ngati mmodzi mwa eni masheya, ndipo gawo lake la phindu linkapita kwa osauka. Ku Padua, Enrico Scrovegni, mwana wa wakatapira wotchuka amene Dante anamuika ku gehena m'ndakatulo yake, anamanga katchalitchi kamene kanadalitsidwa mu 1305, n'kuitana mmisiri wojambula Giotto kuti akajambule mkati monse. Pa khoma la chiweruzo chomaliza Enrico wagwada ku mbali ya opulumuka, akupereka kwa Maria katchalitchi komweko. Pa khoma lina pali Yudasi akulandira thumba la ndalama, chiwanda chakuda chitamugwira kumbuyo. Kodi kunali kulapa kapena kudzionetsera? Ansembe oyandikana nawo anadandaula chaka chomwecho kuti zonsezo n'zodzitamandira. Akatswiri akukanganabe. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala mumtima umodzi.

Francesco Datini wa ku Prato ndiye timamudziwa bwino, chifukwa makalata ake pafupifupi 150,000 anapezeka atasungika m'nyumba mwake. Makolo ake anafa ndi mliri wa mu 1348, iye anakalemerera ku Avignon, ndipo pamwamba pa mabuku ake a ndalama ankalemba kuti m'dzina la Mulungu ndi la phindu. Anali munthu wosagona tulo, wodandaula za chombo chilichonse, wokalipira antchito pa tinthu tating'ono. Mu 1399 anavala mkanjo woyera n'kuyenda wapansi ndi gulu la olapa. Atamwalira mu 1410 anasiyira osauka a ku Prato pafupifupi chuma chake chonse. Chiphunzitso cha purigatoriyo, chimene msonkhano womwewo wa ku Lyon unachitchula mu 1274, chinapatsa anthu otere chiyembekezo: wolapa ndi kubweza akhoza kuvutika kanthawi, koma Misa ndi zachifundo za otsala zikhoza kumuthandiza. Ndalama zambiri zinadzera njira imeneyi kupita ku zipatala, nyumba za ana amasiye ndi zojambula zimene alendo amakaona lero. Njira yomweyo inadzafika pa kugulitsa makalata a chikhululukiro amene Martin Luther anatsutsa mu 1517, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chodabwitsa n'chakuti amene anathandiza mpingo kumvetsa ndalama anali anthu okana ndalama. Francis wa ku Assisi anali mwana wa wogulitsa nsalu, ndipo anavula zovala pamaso pa episkopi n'kuzibweza kwa bambo ake. Lamulo la gulu lake la mu 1223 linaletsa abale kulandira ndalama. Koma abalewa ankakhala m'mizinda, osati kutchire ngati amonke akale, ndipo olapa kwa iwo anali amalonda. Wansembe womva milandu yotere tsiku ndi tsiku sangangoti zonse n'tchimo, ayenera kusiyanitsa. Peter John Olivi, wa gulu la Francis, amene anamwalira mu 1298, analemba kuti ndalama imene mwini wake waikonzera malonda ili ndi mbewu ya phindu mkati mwake, ndiye woichotsa pa malondawo kuti akongoze mnzake akhoza kulandira chipukuta misozi. Aquinas ankalola kubwezera munthu zimene wataya chifukwa chokongoza, koma ankakayika za phindu limene silinabwere. Olivi anapitirira pamenepo, ndipo m'zaka za m'ma 1400 Bernardino wa ku Siena anafalitsa maganizo akewo.

Abale a Francis omwewo ndi amene anayambitsa mabanki a osauka. Yoyamba inatsegulidwa ku Perugia mu 1462. M'mphawi ankasiya pinyolo n'kukongola ndalama yochepa, akulipira kachiwongoladzanja kotsika, nthawi zambiri pafupifupi 5 peresenti, kolipirira alembi ndi nyumba. Sindibisa kuti alaliki ambiri a mabanki amenewa, monga Bernardino wa ku Feltre, ankawalimbikitsa ndi maulaliki odana ndi Ayuda. A gulu la Dominic anatsutsa kuti katapira ndi katapira, kaya wachita ndi wopembedza Mulungu. Mkanganowo unatha mu 1515, pamene Papa Leo X pa msonkhano wachisanu wa ku Lateran analola malipiro ochepa olipirira ntchito ya bankiyo.

Pa mkangano wanu, musatenge mbiriyi ngati chigamulo. Aquinas akanaona chiwongoladzanja chokhazikika pamwezi n'kuti ameneyo ndi katapira, kaya ndalamazo mudzagawana mu December. Olivi akanafunsa kaye ngati ndalamayo ndi ya geni kapena ndi yogulira ufa mwana atadwala, ndiponso amene akutaya ndani geniyo ikagwa. Oyambitsa banki ya ku Perugia akanafunsa kukula kwa chowonjezeracho ndi thumba limene chikuthera. Mafunso atatu onsewo ndi a Chikhristu, ndipo lachiwiri ndi lachitatu ndi amene ndikanayambira.

Kuchoka pamenepo nkhani inasanduka ya mlingo. John Calvin mu 1545 analola chiwongoladzanja pa ngongole ya malonda, akuletsabe kulipiritsa m'mphawi. Chaka chomwecho England inalola mpaka 10 peresenti, inachotsa chilolezocho mu 1552, n'kuchibwezeretsa mu 1571. Ku Rome, Papa Benedict XIV anabwerezanso chiletso chakale mu 1745, ndipo kunali mu 1830 pamene akuluakulu a mpingo anayankha ansembe ofunsa kuti olandira chiwongoladzanja chimene lamulo la dziko likulola asavutitsidwe polapa.